Makina okonza mapulani akamasochera pakati pa kukambirana: poyambira kufufuza

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wakhala akulankhula ndi makina kwa mphindi zisanu, akukonza limodzi pulani yonyamula katundu, zonse zikuyenda bwino. Kenaka makina abwereza funso lomwe linayankhidwa kale, kapena atumiza injini kumalo kumene munthuyo anangotchulako poganizira chabe, kapena afunsa kuti "iti?" pa chinthu chomwe ngakhale mwana akanachidziwa. Woyesa amalemba mu lipoti kuti "sakumva", ndipo gulu lonse la omanga makinawo limathamangira ku gawo losandutsa mawu kukhala zolemba, lija timalitcha ASR. Inenso ndinagweramo. Ndinatha masabata awiri ndikuwonjezera mawu mu dikishonale ya makina ndi kusinthasintha maikolofoni, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwerenga log, kaundula yemwe makina amalembamo zonse zomwe zachitika, mzere ndi mzere. Mawu onse a munthu uja anali atalembedwa molondola, osasowa ngakhale limodzi. Makina anamva ndithu. Chomwe sanadziwe n'chakuti mawuwo akugwira ntchito yanji pamalo pomwe ananenedwa.

Ndikunena za makina omwe munthu amakambirana nawo pakamwa pokonza ntchito ya masitepe ambiri. Amasiyana ndi aja omwe mumangowauza kuti atchere alamu, nkhani n'kuthera pomwepo. Pokonza pulani, chiganizo cha nambala 30 chimatsamira pa cha nambala 3. Anthu amasintha maganizo, amayesa njira ziwiri asanasankhe, amasiya nkhani ina m'malere n'kudzaibwerera.

Zitsanzo zanga ndaziika pa mapu a TRAINS, kafukufuku yemwe James Allen ndi anzake ankachita pa University of Rochester m'zaka za m'ma 1990. Mapuwo ndi aang'ono: mizinda isanu, Avon, Bath, Corning, Dansville ndi Elmira, mainjini a sitima, mabogi, nyumba yosungiramo malalanje ku Corning, ya nthochi ku Avon, ndi fakitale yofinya malalanje ku Elmira. Ankajambula mawu a anthu awiriawiri akukambirana, mmodzi ngati woyang'anira katundu, winayo ngati makina, ndipo zojambula za TRAINS-93 zili ndi zokambirana 98, pafupifupi maola asanu ndi limodzi ndi theka. Dziko laling'ono chonchi n'labwino pofufuza vuto, chifukwa mawu ake ndi ochepa, ndiye makina akalakwa simungafulumire kuloza chala khutu. Zokambirana zomwe zili m'munsimu ndazipeka ndekha.

Yambani mwapatula khutu

Tengani kukambirana komwe kunasokonekera, mumvetsere nokha, mulembe mawu enieni omwe munthu ananena, pamodzi ndi "aa", "ujeni" ndi ziganizo zomwe sanazimalize. Musakonze galamala. Kenaka lowetsani zolembazo m'makina molambalala ASR. Akayenda bwino, vuto n'la khutu, ndipo zomwe ndalemba panozi sizikuthandizani kwenikweni. Akasocherabe pamalo omwewo, isiyeni maikolofoni ipume.

Log yongolemba kuti munthu anati chakuti, makina anati chakuti, siyokwanira. Munthu kapena makina akangomaliza kulankhula, pazilembedwanso zomwe zili mu pulani pa nthawiyo, mafunso omwe sanayankhidwe ndi yemwe akuyenera kuwayankha, komanso zinthu zomwe makina akuziona kuti ndizo zili pakamwa. Mukatero werengani kuyambira pamwamba, mukudzifunsa pa mzere uliwonse ngati inuyo mukanalemba chimodzimodzi. Mzere woyamba pomwe mwasiyana ndi makina ndiwo mukuufuna. Nthawi zambiri umakhala kumbuyo ndithu kwa pomwe munthu anakwiyira. Pomwe wagwera pamaoneka msanga, koma inu mukufuna pomwe anapunthwa.

Kumva, kuvomera ndi kuchita

Ili ndi vuto lomwe ndimalipeza kawirikawiri kuposa ena onse, ndipo ndi lomwe limasocheretsa katundu weniweni.

Munthu: Titenge injini E2 ku Elmira, ikoke bogi imodzi, ipite ku Corning.
Makina: Chabwino.
Munthu: Dikirani kaye. Nanga tikanatenga E1 ya ku Avon? Ingatenge maola angati?
Makina: E1 ipita ku Corning. Chotsatira n'chiyani?

Munthuyo sanalamule kanthu pa E1. Wafunsa kuti ayerekeze njira ziwiri. Koma makina ali ndi kabuku kamodzi kokha kotchedwa pulani, ndipo chiganizo chilichonse chokhala ndi injini ndi mzinda chimagwera momwemo. E2 yafufutidwa, E1 yalowa, ndipo funso la maola silinayankhidwe.

Herbert Clark ndi Edward Schaefer analemba mu 1989 kuti chonena cha munthu sichikhala cha onse awiri pongotuluka pakamwa. Pali kupereka, pali kulandira. Mpaka womvera asonyeze kuti wamva, nkhaniyo ikadali m'manja mwa mwini wake. Akatswiri amazitcha grounding. David Traum, m'kafukufuku wa digiri yake ku Rochester mu 1994, anaziphwanya kukhala timasitepe tomwe kompyuta ingatsatire: kuyamba chonena, kuchipitiriza, kusonyeza kuti wamva, kukonza, kupempha mnzako akonze, kupempha chizindikiro choti wamva, ndi kuchichotsa. Komabe kumva ndi khomo chabe. Munthu angamve bwinobwino maganizo anu koma osagwirizana nawo. N'chifukwa chake TRAINS inkasunga mbali za pulani m'malo osiyana: zomwe makina akuganiza paokha, zomwe makina apereka ngati maganizo, zomwe munthu wapereka, ndi zomwe onse awiri agwirizana.

Pokonza, chitani zomwezo ngakhale mwachidule. Sitepe iliyonse ya pulani ikhale ndi chizindikiro chosonyeza kuti yangotchulidwa, yamveka, yavomerezedwa kapena yachitika, ndiponso yemwe anaibweretsa. Mawu monga "nanga", "bwanji tikanati", "tiyerekeze kuti" azitsegula nthambi yapambali, pulani yogwirizana ija ili chikhalire. Gawo lowerengera maola ligwire ntchito pa nthambiyo, lipereke yankho, kenaka makina adikire. Munthu akati "ayi, tisiye momwe zinalili", nthambi ingodulidwa. Ngati pulogalamu yanu imalemba chatsopano pamwamba pa chakale, ndiye kuti pa nthawiyo mulibe pobwerera, ndipo kukonza kwina kulikonse kudzakhala kumata zigamba.

Liwu loti "chabwino" lichenjereni mwapadera. Lingatanthauze kuti ndamva, lingatanthauze kuti ndavomera, lingatanthauzenso kuti izi zatha, tiyeni kwina. Munthu akalinena makina atangopereka maganizo, musalitenge ngati saini pa chinthu chosabwezeka. Nawonso makina asamalinene mwachisawawa. Ngati angomva chabe, anene kuti "ndamva". Ngati aika mu pulani, anene chomwe aikacho: "Ndaika E2 kuchoka ku Elmira kupita ku Corning." Zimatalika pang'ono, koma munthu amadziwa pomwe waima.

Lynn Lambert ndi Sandra Carberry mu 1991 anasiyanitsa zinthu zitatu zomwe anthu amakamba pokonza pulani: ntchito yeniyeniyo, monga kutumiza injini, njira yokonzera pulaniyo, monga "tiyambe ndi malalanje, nthochi pambuyo", ndi kukambiranako, monga "mwati chiyani?". Makina ambiri osochera omwe ndawaona amadziwa choyamba ndi chachitatu, chapakati alibe. Ndiye munthu akati "tiyambe ndi malalanje", iwo amamva ngati malalanje anyamuke nthochi zisananyamuke, chikhalirecho munthuyo amangonena kuti ayambe kuganiza za malalanje.

Ndipatukeko pang'ono. Ena amaganiza kuti mavutowa anatha ndi kubwera kwa makina amakono aja ophunzira kuchokera ku zolemba zambirimbiri. N'zoona kuti amalankhula mosalala ndipo amamva "nanga" bwino kuposa akale. Koma kusalalako kumabisa chilema. Angayankhe mwaulemu kuti "ndasintha", pomwe mu pulani yeniyeni simunasinthe kanthu. Chomwe chili mu pulani chisungidwe pamalo pake powerengeka, ndipo chiganizo chilichonse cha makina chonena za pulani chifanizidwe ndi pamenepo chisanatuluke.

Funso m'kati mwa funso

Makina: Malalanje afike ku Bath nthawi yanji?
Munthu: Kuchoka ku Corning kufika ku Bath ndi maola angati?
Makina: Awiri.
Munthu: Nanga kupakira?
Makina: Ola limodzi.
Munthu: Ndiye 8 koloko.

Umu ndi momwe ziyenera kuyendera. Makina odwala amalephera m'njira ziwiri. Ena amaumirira: munthu akafunsa za maola, iwo amabwereza kuti "Malalanje afike nthawi yanji?" ngati wapolisi wofuna yankho lake. Ena amayankha bwino mafunso awiriwo koma n'kuiwala lawo lomwe, ndiye "8 koloko" ikafika imasowa potera, kapena imakakamira pa kupakira chifukwa ndi komwe kwatchulidwa komaliza.

Emanuel Schegloff anafotokoza kale mu 1972 za mafunso olowa pakati pa funso ndi yankho lake. Kwa opanga makina, maziko omwe ambiri amayambirapo ndi zomwe Barbara Grosz ndi Candace Sidner analemba mu 1986. Iwo anati kukambirana kuli ndi mamangidwe atatu oyendera limodzi: zigawo za mawu enieniwo, zolinga za zigawozo ndi momwe cholinga china chimatumikira chinzake, ndi zinthu zomwe maganizo a olankhula ali pa izo pa nthawiyo. Chachitatuchi anachiyerekeza ndi stack, mulu womwe chomwe mwaika komaliza ndicho mumayamba kuchotsa. Funso la maola likafika limakhala pamwamba pa funso la nthawi yofikira. Likayankhidwa limachoka, la pansi n'kuonekeranso.

Grosz anali ataziona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1970, pomvetsera katswiri akulangiza wophunzira kumanga makina opopa mpweya. Kantchito kakang'ono kakatha, olankhula ankatha kuloza chinthu chachikulu chomwe sichinatchulidwe kwa nthawi yaitali ndi kamlowam'malo chabe, osasokonezana. Chomwe chili pafupi m'maganizo si nthawi zonse chomwe chili pafupi m'mawu.

Apa m'pomwe lamulo losavuta lija loti "tenga dzina lomwe latchulidwa komaliza" limagwera. M'Chichewa magulu a maina amathandizako: "atumizeni" sangakhale injini, angakhale malalanje kapena mabogi. Koma "itumizeni ku Bath" ingakhale injini, ingakhalenso bogi. Chosankha ndi pulani. Bogi siyenda yokha, ndiye ngati palibe injini yoikoka pamalopo, mwina munthuyo akunena injini, ndipo ngati zonse ziwiri n'zotheka, makina afunse motchula zonse: "Injini E2 kapena bogi ija?" Funso longoti "iti?" limabwezera munthu ntchito yonse.

Pokonza, sungani mndandanda wa mafunso otseguka, lililonse ndi mtundu wa yankho lomwe likudikira: nthawi, malo, chiwerengero, inde kapena ayi. Kachidutswa ngati "8 koloko" kakafika, kayesedwe pa funso la pamwamba. Kakapanda kukwana, katsike pa lotsatira. Traum ndi Allen mu 1994 anawonjezerapo mfundo yomwe ndimaiona yothandiza kwambiri: funso limaika ngongole pa wofunsidwa. Makina akafunsidwa ali ndi ngongole yoyankha, ngakhale yankho litakhala loti "sindingathe kuwerengera zimenezo", ndipo ngongoleyo ibwezedwe asanabweretse nkhani yawo. Lembani ngongolezi mu log. Mudzadabwa kuona kuchuluka kwa mafunso omwe makina anu amangowadumpha mwakachetechete.

Musaukhulupirire kwambiri muluwo. Anthu satseka nkhani mwadongosolo. Amalumpha kuchoka pa nthochi kupita pa malalanje, n'kubwerera ku chinthu chomwe mulu unachitaya kalekale. Marilyn Walker mu 1996 anatsutsa kuti chikumbumtima cha munthu chimafanana kwambiri ndi kamalo kochepa kosungiramo zaposachedwa, komwe zakale zimatha kuitanidwanso, kusiyana ndi mulu wosapindika. Kwa wokonza makina phunziro lake n'lapafupi: chomwe mwachotsa pa mulu musachifufute. Chisungeni pambali kuti munthu akati "paja bogi ya ku Dansville ija tinaitani?" chipezeke.

Timawu totsegulira ziganizo ndi zikwangwani za pamsewu, koma mapulogalamu ambiri amatitaya ngati zinyalala asanayambe n'komwe kumasulira. "Paja" amabwerera m'mbuyo. "Tisanapitirire" amatsegula kankhani kapambali. "Ndiye" kawirikawiri amatseka. Vuto n'lakuti ena ali ndi nkhope ziwiri. Julia Hirschberg ndi Diane Litman anasonyeza mu 1993 kuti liwu la Chingerezi loti now limakhala nthawi zina lonena za nthawi, nthawi zina longotsegula gawo latsopano, ndipo kamvekedwe ka mawu ndi malo ake m'chiganizo zimathandiza kusiyanitsa. "Tsopano" wathu ali chimodzimodzi. "Itumizeni tsopano" ndi lamulo la nthawi. "Tsopano, za nthochi zija" sakunena za wotchi. Ngati ASR yanu imafufuta kapumidwe konse, gawo lomasulira lasiyidwa mumdima.

Munthu akadzikonza yekha

"Injini ya ku Avon ipite ku Bath, aa ayi, iyambe yatenga bogi ku Dansville."

Palibe munthu woganiza mozama amene amalankhula ngati akuwerenga. Peter Heeman ndi Allen atawerengera m'zojambula za TRAINS anapeza kuti pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse komwe munthu walankhula pamakhala kudzikonza, ndipo pa zolankhula zofika mawu khumi kapena kuposa, zoposa theka zimakhala nako. Si ngozi yakamodzikamodzi, ndi chizolowezi. Elizabeth Shriberg mu 1994 anagawa kudzikonza m'zidutswa zitatu: chomwe chikutayidwa, timawu tapakati monga "aa ayi", ndi cholowa m'malo.

Chizindikiro cha vutoli n'chakuti pulani imakhala ndi mizinda iwiri pomwe pakufunika umodzi, kapena makina amamva "ayi" n'kuganiza kuti munthu wakana maganizo awo omaliza, n'kufufuta chinthu chomwe palibe anachitsutsa. "Ayi" wa pakati pa chiganizo, wotsatana ndi kadukidwe ka mawu, amayang'ana mawu a wolankhula yemweyo. "Ayi" wa kumayambiriro, makina atangofunsa, amayang'ana makina.

Anthu ambiri amakonza poika sefa yodula zonse zomwe zili kumbuyo kwa "ayi". Yesani pa chiganizo chili pamwambachi. Mutsala ndi "iyambe yatenga bogi ku Dansville", ndipo injini ya ku Avon yapita pamodzi ndi zotayidwazo. Iyambe chiyani? Chidutswa chotayidwa chichotsedwe mu pulani, koma maina omwe ali m'menemo akhalebe pa mndandanda wa zinthu zomwe zatchulidwa. Onaninso kuti Bath sanakanidwe kotheratu. Liwu loti "iyambe" likusonyeza kuti ulendo wa ku Bath ukadalipo, wangokankhidwira patsogolo.

Kulandana mawu

Harvey Sacks, Schegloff ndi Gail Jefferson analongosola mu 1974 momwe anthu amapatsirana mpata wolankhula popanda wowaimbira belu. Mu 2009 Tanya Stivers ndi anzake anayeza zilankhulo khumi n'kupeza kuti kuchokera pomwe funso lathera kufika pomwe yankho layambira pamadutsa pafupifupi mamilisekondi 200 mukaphatikiza zonse. Chijapanizi chinali chofulumira kwambiri, pafupifupi popanda mpata, pomwe Chidanishi chinayandikira theka la sekondi. Munthu sangakwanitse liwiro lotere podikira kuti mnzake akhale chete. Amaoneratu pomwe chiganizo chikathere.

Makina ambiri amangowerenga chete. Pakadutsa theka la sekondi kapena sekondi imodzi popanda mawu, amati munthu wamaliza. Pa ntchito yokonza pulani lamuloli limalephera mbali zonse. Munthu yemwe akuyang'ana mapu amati "kenaka ipite ku..." n'kukhala chete masekondi awiri akuwerenga maola, makina n'kumudula ndi "sindinamve". Mukatalikitsa nthawi yodikira, ndiye "inde" wachidule amatsatiridwa ndi chete wautali, munthu n'kuyamba kubwereza pa nthawi yomwe makina ayamba kuyankha, onse awiri n'kuwombana. Nambala imodzi siingakwanire. Nthawi yodikira isinthe malinga ndi zomwe zamveka: chiganizo chothera pa "ku", "ndi" kapena "kenaka" sichinathe, dikirani. Yankho lokwana ndendende pa funso lotseguka latha, yankhani msanga.

Pali kachilema kena kobisika komwe kanandizunza nthawi yaitali. Makina akuwerenga pulani: "E2 inyamuka ku Elmira 6 koloko, ifika ku Corning 8 koloko, koma njanji ya ku Bath ikhala yotsekeka mpaka..." Munthu walowerera pa liwu loti Corning n'kuti "eya, pitirizani ndi nthochi". Makina asiya kulankhula, monga kuyenera. Koma mu log chiganizo chonse chalembedwa kuti chanenedwa, pamodzi ndi chenjezo la njanji lomwe munthuyo sanalimve, ndipo "eya" wake watengedwa ngati wavomereza zonse. Pakapita mphindi zitatu mkangano ubuka, makina akuti ndinakuuzani, munthu akuti simunanene. Onse awiri akunena zoona malinga ndi mabuku awo.

Mankhwala ake: gawo lotulutsa mawu lizibweza lipoti la pomwe linalekezera, liwu lenileni. Chomwe sichinatuluke chibwerere pa mndandanda wa zoti zinenedwe, ndipo ngati ndi chenjezo, chinenedwe msanga mpata ukangopezeka. Ndi bwinonso kuika chenjezo kumayambiriro kwa chiganizo. Siyanitsaninso kulowerera kwenikweni ndi "ee" kapena "mm" wa munthu yemwe akungosonyeza kuti akutsatira. Makina oima pa "mm" aliyense amatopetsa ngati galimoto yozimazima.

Kukonza komwe kumawonjezera vuto

Dan Bohus ndi Alexander Rudnicky a ku Carnegie Mellon University, omwe anapanga RavenClaw, pulogalamu yoyendetsa kukambirana kwa munthu ndi makina, ankasiyanitsa kusamva ndi kumva molakwa. Pa kusamva, makina amadziwa kuti sanagwire kanthu. Pa kumva molakwa, agwira chinthu cholakwika ali ndi chikhulupiriro chonse. Chachiwirichi ndicho choopsa, chifukwa wochizindikira ndi munthu yekha, ndipo amachizindikira pokhapokha makina atanena zomwe amva.

Munthu akaona kuti sanamvedwe amakweza mawu, amatalikitsa, amadula liwu m'zidutswa: "Co-r-ning!" Kwa munthu mnzake zimathandiza. Kwa ASR yophunzitsidwa pa malankhulidwe wamba zimasokoneza kwambiri, ndipo kafukufuku wa Litman, Hirschberg ndi Marc Swerts anasonyeza kuti ziganizo zokonza zolakwa zimamvedwa molakwika kawirikawiri kuposa zina. Kulakwa kumabala kulakwa kunzake. Ngati log ikusonyeza "pepani, bwerezani" katatu motsatana, vuto si munthuyo. Kachiwiri makina asinthe njira: atchule zomwe agwira kale, afunse chosowa chokha, kapena apereke zosankha ziwiri. Komanso mzinda womwe munthu waukana kale usabwerenso ngati yankho loyamba pa funso lomwelo. Kalamulo kakang'ono kameneka kamadula mikangano yambiri.

Pofunsa zotsimikiza, pewani mafunso okana. "Simukufuna bogi ya ku Bath?" Ambiri aife tikayankha "eya" tikutanthauza kuti eya, sindikufuna. Pulogalamu yomangidwa pa maganizo a chilankhulo china idzawerenga mosemphana. Funsani molunjika: "Titenge bogi ya ku Bath?" Ndipo musatsimikize chilichonse. Kufunsa "mwati Corning?" pa liwu lililonse kumathamangitsa anthu. Pomwe makina ali ndi chikhulupiriro chokwanira ndipo cholakwa n'chobwezeka, angolowetsa zomwe amva m'funso lotsatira: "Ikafika ku Corning itenge chiyani?" Munthu akaona cholakwika adzakonza, bola makina akhale okonzeka kulandira "ayi, Dansville" pamalo pomwe amadikira dzina la katundu.

Makina olankhula mosayenera, ndi okhala chete mosayenera

"Ku Dansville kuli mabogi." Chingakhale chidziwitso, chingakhale funso, chingakhale maganizo oti titenge amenewo. Allen ndi Raymond Perrault anasonyeza mu 1980 kuti tanthauzo la mawu otere limapezeka pofunsa kuti wolankhula akufuna kukwaniritsa chiyani ndipo chikumutchinga n'chiyani. Ngati pulani ikusowa bogi, awa ndi maganizo. Makina oyankha kuti "inde, alipo" n'kukhala chete sanalakwe galamala, koma sanathandize.

Mbali inayo, makina akaona kuti pulani ili ndi vuto, monga sitima ziwiri pa njanji imodzi nthawi imodzi, alankhule liti? Jennifer Chu-Carroll ndi Michael Brown mu 1997 anasiyanitsa kutsogolera kukambirana ndi kutsogolera ntchito. Makina angathe kutenga mpata wolankhula kuti achenjeze, osalanda chisankho. Ine ndimatsata izi: vuto lopha pulani yonse linenedwe munthu akangomaliza sitepe yomwe ali nayo, njira yongofupikitsa ulendo idikire mpaka gawolo litsekedwe. Makina odula munthu pakamwa kuti amuuze za ola limodzi lomwe angapulumutse amazimitsidwa msanga.

Kuyesa ngati mwakonzadi

Kukambirana kulikonse komwe kunasokonekera kusungidwe ngati mayeso, ndi momwe pulani ndi mafunso otseguka ziyenera kuonekera pa mzere uliwonse. Polemba ntchito ya chiganizo chilichonse musayambe kupeka zizindikiro zanu. DAMSL, njira yolembera zizindikiro zotere yomwe Allen ndi Mark Core anailongosola mu 1997, imalola chiganizo chimodzi kukhala ndi ntchito yoyang'ana m'mbuyo, monga kuyankha kapena kuvomera, ndi ina yoyang'ana kutsogolo, monga kupempha, ndipo muyezo wa ISO 24617-2 wa 2012 unamanga pa maganizo omwewo. "Chabwino, tsopano nthochi" ndi kuvomera komanso kutsegula nkhani ina nthawi imodzi. Dongosolo lolola chizindikiro chimodzi chokha lidzataya chimodzi mwa ziwirizi. Anthu awiri alembe zizindikirozo payekhapayekha. Pomwe iwo asiyana, musayembekeze kuti makina adzalondola.

Oyesa anu asakhale omwe anamanga makinawo, chifukwa amadziwa njira zosalala ndipo amazitsata mosazindikira. Mupatse munthu wachilendo ntchito yokhala ndi msampha, monga pulani yomwe njira yooneka yapafupi imalephera pa sitepe yachinayi, kuti akakamizike kubwerera m'mbuyo. Pomaliza pa kuyesa kulikonse ndimamupempha anene chiganizo chimodzi: "Tibwerere pa pulani yomwe tinali nayo tisanakambe za E1." Kenaka ndimatsegula log n'kuona ngati E2 yabwerera ku Corning ndi bogi yake, ndiponso ngati funso la nthawi yofikira ku Bath latsegukanso.